Funsani Azakhali: Kachidole Kandevu Kowala pa Khirisimasi

Mwezi uno makalata anayi afika pa nkhani imodzi, choncho ndiwayankha pamodzi. Onse akunena za tizidole tija ta chipewa chosongoka ndi ndevu zoyera, timene timadzaza m'masitolo kuno ku Mangalande Novembala akangolowa. Ndikulemba ndili ku Manchester, kumene Khirisimasi ikamayandikira dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo nyumba iliyonse ikufunafuna kanthu kowala koika pawindo.

Azakhali, mwana wanga wamkazi wa zaka 7 wandikakamira kuti ndimugulire kachidole kaja kopanda maso, ka ndevu zofika kumapazi, kamene kamayaka mkati. Kuno amakatcha gonk. Mtengo wake ndikauona ndimakumbukira fizi ya ana a mchemwali wanga yoti nditumize kumudzi mu Januwale. Kodi sindingapange ndekha? Kusoka ndimadziwako pang'ono, koma zamagetsi sindidziwa chilichonse.
*Mayi wa ana awiri, Leicester*

Mayi, mungathe, ndipo ndalama ya fizi ija musaikhudze. Zamagetsi zisakuopseni: palibe waya woti mulumikize, palibe chopulagina pakhoma. Chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: yambani ndi kuwala, chidolecho chibwere pambuyo. Ambiri amayamba ndi ndevu ndi chipewa chifukwa ndizo zokongola, kenako n'kumasowa polowetsera timagetsi.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira zaka zitatu zapitazo. Ndinatenga sokosi yochindikala ya m'nyengo yozizira, yotuwa, n'kuveka botolo, kabokosi ka mabatire n'kukaponya mkati momwemo, n'kumata chilichonse ndi guluu. Titazimitsa nyale za m'nyumba kuti tione, kuwala kunali kochepa ngati kwa chiphaniphani. Patatha masiku angapo mabatire anatha, ndipo kuti ndiwasinthe ndinachita kung'amba chidolecho mdzukulu wanga akuona. Analira usiku wonse, ndipo zinandipweteka mumtima. Kuyambira pamenepo ndimapanga mmene ndikuuzireni apamu.

Gulani timagetsi ta LED tija tili pa kawaya kopyapyala ka kopa, kamene kamapindika ngati ulusi. Nthawi zambiri timakhala 20 pa waya wa mamita awiri, ndipo timapezeka m'masitolo otchipa aja a paundi imodzi. Pali ta mabatire ozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndi tina ta mabatire a AA. Poti muli ndi ana awiri m'nyumba, tengani ta AA; chifukwa chake mudzachiwerenga m'kalata yomaliza. Yang'ananinso papaketi kuti palembedwe warm white. Kuwala kumeneko n'kofiirira pang'ono ngati kwa nyali yagalasi ya kwathu ija. Kwinako, koyera mbee kokhala ngati kwabuluu, kumachititsa chidolecho kuoneka ngati chili m'chipatala.

Thupi lake ndi botolo lapulasitiki loonekera mkati, la lita imodzi. Liviikeni m'madzi ofunda a sopo kuti pepala lichoke. Zomata zotsalira pakani timafuta tophikira, zichoka. Liume bwinobwino mkati. Kenako thirani timiyala kapena mchenga wouma pansi pake, wokwana zala ziwiri kuya kwake, kuti chidole chisamagwe mwana akakhudza tebulo. Tsopano pindani pepala loyera lopyapyala, lija timayala m'thireyi pophika makeke, mulilowetse kuti lizungulire mkati mwa botolo. Ntchito yake n'kufalitsa kuwala. Popanda pepalalo mumaona timadontho towala apa ndi apo. Likakhalapo thupi lonse limawala mofanana.

Lowetsani waya wa timagetsi kudzera kukamwa kwa botolo, koma musaulowetse wonse. Siyani kunja mbali ziwiri: kumapeto kuli kabokosi ka mabatire, ndi kumapeto kwinako timagetsi tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Chitsekerero tayani, sichifunika. Kabokosiko kakhale kunja, kumsana kwa chidole.

Chovala chake chikhale sokosi yoyera yopyapyala, yasukulu yakale ndi yabwino kwambiri. Musanaisankhe, iikeni pa tochi ya foni yanu: ngati kuwala kukudutsa, ndiyomweyo. Vekani botolo kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mumange pakhosi ndi kalabala. Kumbuyo sokeranipo kathumba kakang'ono ka nsalu iliyonse, kokwana kabokosi ka mabatire, swichi yake iyang'ane kumwamba. Pamenepa imani kaye. Zimitsani nyale za m'chipindamo, muyatse timagetsi, muone. Ngati simunakhutire, ino ndiyo nthawi yosintha, guluu asanakhudze chilichonse.

Ndevu ndizo zimafuna dzanja lodekha. Nsalu yaubweya wochita kupanga imagulitsidwa m'tizidutswa m'masitolo a nsalu, koma ine ndimapita m'masitolo a zovala zakale kukafuna kolala ya jekete kapena kapilo kaubweya; kamodzi kamatulutsa ndevu za zidole zinayi. Tembenuzani nsaluyo ubweya uyang'ane pansi, muonetsetse kuti ubweyawo ukugonera kumene kukhale kunsonga kwa ndevu. Jambulani kumbuyoko chithunzi chonga tsamba la mango lodulidwa pakati, chotambalala kumwamba ndi chosongoka kumunsi, mulifupi mwake theka la kuzungulira kwa botolo. Ndiye dulani ndi lezala, osati sizasi, ndipo muzingocheka nsalu yakumbuyoyo pang'onopang'ono osafika ku ubweya. Sizasi imadula ubweya womwe, ndevu n'kuoneka ngati zometedwa kwa ometa tsitsi. Mukatha kucheka, kokani mbali ziwirizo ndi manja, ubweya ulekana wokha uli wautali.

Kumbukirani kuti ndevu zimatchinga kuwala. N'chifukwa chake sizizungulira botolo lonse. M'mbali ndi kumunsi muzioneka sokosi yowala ija. Zisokereni pa sokosi pansi pang'ono pa phewa la botolo. Ngati mukufuna guluu wotentha, musamuthire pabotolo mwachindunji. Mfuti zambiri za guluu, zipangizo zosungunulira guluuyo, zimatentha kufika madigiri 190, ndipo pulasitiki ya botolo imakhwinyata pomwepo. Pakani pansalu, muwerenge mpaka 5, kenako mukanikize. Mwanayo pa guluu asafikepo. Mpatseni chipeso azipesa ndevu, ntchito imeneyo adzaikonda kuposa zonse.

Mphuno ndiyo nkhope yonse ya kachidole aka, poti maso kalibe. Anthu ambiri amamatapo kampira kathabwa. Ine ndimatenga kampira koyera ka tenesi ya patebulo, n'kuboola kabowo kumbuyo ndi nsonga ya sizasi, n'kulowetsamo kamodzi ka timagetsi tija tinasiya kunja. Kenako ndimakakuta ndi kachidutswa ka sitokingi yabulauni, n'kumanga kumbuyo ndi ulusi. Masana mphunoyo imaoneka yakuda ngati yanga ndi yanu, usiku imawala ngati khala la moto lophimbidwa ndi phulusa. Mdzukulu wanga ataiona koyamba anagwira mphuno yake n'kugwiranso ya chidole. M'masitolo simudzaipeza yotero kawirikawiri, ndipo kwa ine chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira chopangira ndekha. Isokereni pakati, pamwamba penipeni pa ndevu. Timagetsi totsalato tibiseni m'mphepete mwa ndevu, kapena mutikweze m'chipewa.

Chipewa ndi mkono wa juzi yakale. Dulani kuyambira pachigongono kutsika. Kumene kumagwira dzanja kuja, kolimba ngati lasitiki, ndiko kuvala pabotolo. Kumene mwadulako sokani mopendekera kuti kusongoke, mutembenuze msoko ulowe mkati. Mukafuna kuti nsonga ipindike mokongola, ikani mkati kawaya ka hang'ala ndi tinsanza pang'ono, nsonga za wayayo mutazipinda kuti zisabaye. Chipewacho chitsike mpaka chigunde pamwamba pa mphuno, chiphimbe msoko wa ndevu. Osachimata. Chizivulidwa ngati chipewa chenicheni, kuti tsiku lina timagetsi tikafa mudzangotisolola n'kuika tina. Ntchito yonseyi ndi ya madzulo amodzi, mukatha kudya.

Azakhali, ndinaona zidolezi pa Facebook ndipo ndikufuna kuti ana anga a Sande sukulu apange. Alipo 30. Kuno nsalu yaubweya sindinaionepo pamsika, mfuti ya guluu ndilibe, ndipo ndalama ya timagetsi ta mwana aliyense mpingo sungakwanitse. Wina wandiuza kuti tiike mpunga pansi ndi kandulo mkati. Mundithandize nzeru.
*Mphunzitsi wa Sande sukulu, Zomba*

Aphunzitsi, kandulo ayi. Ndikunena ndi mtima wanga wonse. Botolo lapulasitiki, nsalu, ndevu zouma, ana 30 m'chipinda chimodzi: moto ukagwira simudzaupeza mpata wouzimitsa. Ngakhale botolo likhale lagalasi, chipewa chili pamwamba penipeni pa lawi.

Mpunga nawonso ayi. Anthu a kuno amauika chifukwa nyumba zawo n'zozizira ndi zouma. Kwanuko Disembala ndi dzinja, chinyezi chili paliponse. Mpunga uchita nkhungu, uitana makoswe ndi nyerere. Komanso sindikuona chifukwa chotayira chakudya m'botolo pamene mchenga uli pakhomo. Ana abweretse mchenga, muuyanike pa tsiku limene dzuwa lawala, musefe.

Za ndevu, inu ndi amene muli ndi zabwino kuposa ife. Tengani chingwe cha khonje, mudule tizidutswa totalika ngati chikhatho, mupote mobwerera kuti chimasuke, mupese ndi chipeso cha mano otalikirana. Mumange mtolo pakati, muupinde, ndevu zatheka. Zimatuluka zotuwa moyererako, zolimba, ngati za agogo enieni, ndipo kuwala kumadutsa pakati pa ulusi wake, chinthu chimene ubweya wa m'sitolo suchita. Kukasowa khonje, mopu yatsopano imodzi ya ulusi woyera ikwanira ana khumi. Thonje nalo limatheka, koma limachedwa kuuma likanyowa ndipo limakoka fumbi.

Mabotolo a madzi akumwa a theka la lita ndiwo oyenera manja a ana. Majuzi ndi masokosi oyera, pitani pakaunjika madzulo, ogulitsa akamalongedza, mufunse zong'ambika zimene zakanika kugulidwa. Kapena chipewa chikhale cha chitenje. Tizidutswa atelala amangotaya. Chitenje sichiima chokha, choncho pindani kaye katoni yopyapyala ngati mmene amapindira pepala loikamo mtedza wokazinga, muikute ndi nsaluyo. Guluu simumufuna. Singano ndi ulusi zikwana, ndipo pomanga pakhosi dulani timalamba ta chubu chakale cha njinga. Mphuno: kansalu kabulauni, thonje pang'ono mkati, kumanga ndi ulusi.

Tsopano kuwala. Musagule 30. Gulani waya umodzi kapena iwiri yaitali ya timagetsi ta mabatire, mundandalike zidole zonse pa benchi kutsogolo kwa tchalitchi, waya uziyenda kumbuyo kwawo, ukulowa m'botolo lililonse ndi timagetsi tiwiri kapena titatu n'kutulukanso kupita kwa linzake. Chipewa chibisa polowera. Swichi imodzi iyatsa onse nthawi imodzi, ndipo ndikukuuzani, mukadzachita zimenezi pa mapemphero a usiku wa pa 24 Disembala, ana aja sadzaiwala. Akamapita nazo kwawo, katochi kakang'ono kalikonse kolowa kukamwa kwa botolo kagwira ntchito, ndipo madzulo amene magetsi azima kachidoleko kathandizako m'chipinda cha ana. Zikondwerero zikatha chotsani mabatire musanasunge, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi n'kudya tizitsulo ta m'kabokosi.

Koma musanayambe, werengani kalata yotsatirayi, chifukwa funso lake makolo ena adzakufunsani.

Azakhali, akazi anga abweretsa kanthu aka m'nyumba, ati n'kokongoletsa Khirisimasi. Ine ndikakayang'ana, kamunthu kakafupi, kandevu, kopanda maso, kowala usiku, mtima wanga sukhazikika. Kwathu timati ndondocha. Anzanga a kuno atabwera anati ndi tokoloshe, kamzimu koipa ka m'zikhulupiriro zawo. Ndine mkulu wa mpingo. Kodi chiyambi chake n'chiyani, ndipo n'koyenera m'nyumba ya Mkhristu?
*Mkulu wa mpingo, Johannesburg*

Abambo, funso lanu si loseketsa, ndipo sindikubisirani kanthu. Chidolechi chinachokeradi m'zikhulupiriro zakale, koma za anthu a kumpoto kwa Ulaya. Ku Sweden amati tomte, ku Norway ndi ku Denmark amati nisse, ku Finland amati tonttu. Dzina lakuti tomte likuchokera ku mawu akuti tomt, kutanthauza malo amene pamangidwa nyumba. Alimi akale a kumeneko ankakhulupirira kuti pa famu iliyonse pamakhala kankhalamba kakafupi kosaoneka, kogona m'khola kapena pansi pa nyumba, kamene kamayang'anira ziweto usiku, makamaka akavalo. Ankati kamadana ndi ulesi, uve ndi kuzunza nyama. Malipiro ake anali mbale ya phala yokhala ndi batala pamwamba, yoikidwa kukhola usiku wa pa 24 Disembala, ndipo nthano zawo zimati akaiwala batalayo kankakwiya n'kuwononga zinthu.

Mpingo wa kumeneko nawo sunasangalale nazo. M'zaka za m'ma 1300, Birgitta wa ku Vadstena, mayi wopemphera wodziwika kwambiri ku Sweden, anadzudzula anthu olemekeza timilungu ta pamalo timeneti. Choncho nkhawa yanu inakhalapo ndi Akhristu ena kale inu musanabadwe.

Chimene chinasintha n'chakuti chikhulupirirocho chinafa, chithunzi n'kutsala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, wojambula wina wa ku Sweden, Jenny Nyström, amene anabadwa mu 1854 n'kumwalira mu 1946, anayamba kujambula tomte ngati kankhalamba kansangala ka chipewa chofiira, konyamula mphatso. Zithunzi zake zinafala pa makadi a Khirisimasi kwa zaka zambiri, mpaka tomte anasanduka wobweretsa mphatso wa ku Sweden. Mnzanga wa ku Sweden amene ndimagwira naye ntchito yosamalira okalamba, mayi wopita kutchalitchi Lamulungu lililonse, ali nato tisanu pawindo pake. Kwa iye n'chikumbutso cha nyumba ya agogo ake ndi nyengo ya mdima wautali; ku Stockholm mu Disembala dzuwa limaoneka maola 6 okha, n'kulowa 3 koloko isanakwane. Kumeneko ndiko kunachokera mwambo woti chilichonse cha pawindo chiziwala.

Ndi ndondocha n'zosiyana kutali. Tonse tinakula tikumva kuti ndondocha ndi munthu amene wachitidwa chipongwe ndi mnzake wofuna kulemera, n'kumabisidwa m'nyumba. Nkhani imeneyo muli magazi ndi chinsinsi. Nkhani ya tomte inali yophunzitsa antchito a pafamu kuti asamenye kavalo ndiponso asiye khola lili loyera. Ndipo chimene chili patebulo panucho, mukachivula chipewa mupeza nsanza, waya ndi mabatire.

Maganizo anga ndi awa: ine ndili nacho m'nyumba ndipo chikumbumtima changa chili phee. Koma inu ngati mukadzuka usiku n'kuchiona mtima ukugunda, kapena ngati anthu a mumpingo mwanu akabwera kudzacheza adzatuluka ndi mafunso amene sangakufunseni pamaso, musadzikakamize. Musawakalipirenso amayi kunyumbako. Iwo anangofuna nyumba ioneke bwino. Khalani nawo pansi mugwirizane kuchisintha. Chotsani chipewa chosongokacho, mufupikitse ndevu, muikepo mpango womangidwa ndi kachingwe pamutu, musokerepo maso awiri, mupatse kandodo m'manja. Wasanduka mbusa wa ku Betelehemu. Mukapanga atatu n'kuwaveka nduwira za pepala lonyezimira, muli ndi anzeru a kum'mawa. Botolo ndi timagetsi n'zomwezija. Aphunzitsi a ku Zomba, inunso njira imeneyi ikhoza kukukomerani kuposa, poti zanuzo zikaima kutsogolo kwa tchalitchi.

Azakhali, tinagula timagetsi ta mabatire ozungulira aja. Dzulo ndinapeza mwana wathu wa zaka ziwiri atatsegula kabokosi, batire limodzi lili m'manja. Mabatire onse awiri ndinawapeza, sanameze. Akazi anga akuti ndikuchita mantha ndi zinthu zazing'ono. Kodi n'zoopsadi?
*Bambo wachinyamata, Lusaka*

Mwana wanga, mantha anuwo ndi oyenera, ndipo awerengereni mayi a mwanayo yankho ili. Mabatire amenewo, ambiri olembedwa CR2032, ndi a mavoti atatu, mulifupi mwake mamilimita 20. Kukula kumeneko n'kokwanira kukakamira pammero pa mwana wamng'ono. Likakakamira, malovu amachititsa kuti mphamvu ya batire iyambe kuyenda, ndipo pamalopo pamapangika soda wowotcha, wofanana ndi uja amapangira sopo. M'maola awiri okha akhoza kuwotcha mmero koopsa, ndipo ana ena amwalira nazo. Choopsa china n'chakuti poyamba mwana akhoza kuoneka bwinobwino, kapena kungotsokomola, kutuluka dovu ndi kukana chakudya, makolo n'kumati ndi chimfine. Batire limene latha mphamvu moti silikuyatsanso timagetsi limakhalabe ndi mphamvu yokwanira kuvulaza.

Ngati tsiku lina mwakayikira kuti wameza, musadikire kuti muone zizindikiro. Musamusanzitse, musamupatse chakudya kapena chakumwa. Thamangani naye kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mutatenga paketi kapena batire linzake, ndipo pakhomo pomwe nenani kuti mwana wameza batire kuti amujambule msanga.

Timagetsi muli natoto tichotseni m'nyumba lero. Gulani ta mabatire a AA, ndipo musankhe ta kabokosi kotseka ndi sikuluwu. Ngati kalibe, kazungulizeni ndi tepi yolimba kangapo. Mabatire akale akuteni ndi tepi mbali zonse musanawataye, osawasiya m'dirowa kapena m'mbale ya makiyi. Yang'ananinso rimoti ya galimoto, sikelo ya m'khitchini ndi makadi aja oimba nyimbo, chifukwa namonso mumakhala mabatire omwewo. Kachidoleko kakwere pamwamba pa kabati, waya wake osalendewera. Kwanga kuno, mdzukulu wamng'ono akabwera, ndimamunyamula kuti akanikize swichi yekha, aone mphuno ikuwala, kenako ndimamutsitsa, chidole n'kutsala pamwamba pomwepo.